Kuonetsa Zam'kati mwa Diso Pamaso pa Akatswiri: Mafunso ndi Mayankho

Diso la munthu wamkulu ndi kanthu kakang'ono, pafupifupi mamilimita 24 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Koma chaka chilichonse, chakumapeto kwa Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, anthu oposa 10,000 ochokera m'mayiko oposa 70 amasonkhana ku North America kukatsutsana za kanthu kameneka. Ena amapita ndi mankhwala atsopano, ena ndi makina. Pakati pawo pamakhalanso kagulu kosachita phokoso kwenikweni, ka anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza mmene diso lidapangidwira: timagawo take, maselo ake, mitsempha yake. Anthu amenewa akaimirira kutsogolo kwa anzawo, mawu okha sakwanira. Amayenera kuonetsa, ndipo oonawo amayenera kukhutira kuti chimene akuona chilidi m'diso.

Kodi m'diso mudakatsala choti n'kutulukira? Si paja madokotala adalisanthula kalekale?

Ambiri ankaganiza choncho, mpaka mbewa zosaona zidawasokoneza.

Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, komwe kamalandira kuwala. Kwa zaka zoposa 100 mabuku onse ankanena kuti maselo omva kuwala m'menemo ndi a mitundu iwiri basi: ma rod, otithandiza kuona kukachita chizirezire, ndi ma cone, otionetsa mitundu ya zinthu masana. Mu 1991 a Russell Foster ndi anzawo adalengeza kuti mbewa zimene maselo amenewa adafa pafupifupi onse zinkadziwabe kuti kunja kwacha kapena kwada. Nthawi yawo yogona ndi yodzuka inkatsatira kuwala bwinobwino, koma maso akachotsedwa, zonsezo zinkasokonekera. Ndiye kuti m'disomo munali china chake chomva kuwala chimene palibe adachionapo. A Foster amafotokoza okha kuti pamene ankakamba zimenezi m'misonkhano, akatswiri ena ankapsa nazo mtima: zingatheke bwanji kuti anthu onse aja, zaka zonse zija, adaphonya mtundu wathunthu wa maselo? Otsutsawo ankati mwina ma cone owerengeka adapulumuka, ndipo ndi amene ankagwira ntchitoyo. Funsoli linali lomveka, moti gululo lidabwerera kukaweta mbewa zopanda rod kapena cone ndi imodzi yomwe. Zotsatira za mu 1999 zidafanana ndi zoyamba zija. Mu 2002 a David Berson a ku Brown University adawapeza maselowo mu retina ya makoswe, ndipo lero akudziwika kuti amagwiritsa ntchito puloteni yotchedwa melanopsin.

Kutsogolo kwa diso nakonso kudabuka nkhani mu 2013. Cornea, kachikopa koonekera ngati galasi kamene kamaphimba mwana wa diso, ndi yokhuthala pafupifupi theka la milimita, ndipo ophunzira ankaloweza kuti ili ndi magawo asanu. A Harminder Dua a ku University of Nottingham adati lilipo lachisanu ndi chimodzi. Adalipeza popopera mpweya m'ma cornea 31 operekedwa ndi anthu omwalira n'kumaona pamene akung'ambikira. Gawolo ndi lopyapyala kwambiri, ma micron 10 mpaka 15, pamene milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000. Mkangano wake tiufika kutsogoloku.

Misonkhano yotereyi idayamba liti, ndipo waukulu ndi uti?

Idabwera m'mbuyo mwa kachipangizo kamodzi. Mu 1851 Hermann von Helmholtz adalemba za chida chake choonera m'kati mwa diso la munthu wamoyo, ophthalmoscope. Chisanabwere chidachi, retina inkaonedwa pokhapokha mwini wake atamwalira. Madokotala adayamba kuona zinthu zambiri nthawi imodzi, aliyense n'kumazitcha mayina akeake, ndipo padafunika malo okumanirana. Mu 1857 ku Brussels kudachitika msonkhano woyamba wa madokotala a maso a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo chaka chomwecho Albrecht von Graefe adasonkhanitsa anzake ku Heidelberg, pamene padabadwira bungwe la madokotala a maso la ku Germany.

Lero msonkhano waukulu wa ofufuza za maso ndi wa bungwe la ARVO, limene lidakhazikitsidwa ku Washington mu 1928. Kwa zaka zambiri unkachitikira ku Florida, poyamba ku Sarasota kenako ku Fort Lauderdale, koma kuyambira 2013 umayendayenda: Seattle, Orlando, Denver, Baltimore, Honolulu, Vancouver, New Orleans. Wa mu 2020 udalephereka chifukwa cha COVID-19. Kuno kwathu madokotala a maso a kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa ali ndi msonkhano wawo wapachaka wa COECSA, ndipo Malawi ndi membala.

Bwanji osangolemba m'magazini ya sayansi? Ulendo wonsewo ndi wa chiyani?

Chifukwa zolemba zimatha kukhala zaka osawerengedwa, ndipo zikawerengedwa zimatha kukayikiridwa. Palibe amene adazidziwa bwino zimenezi kuposa Santiago Ramón y Cajal.

Mu 1889 Cajal anali mphunzitsi pa yunivesite ya ku Barcelona, m'dziko limene asayansi a nthawi imeneyo sankayembekezerako chilichonse. Ankagwiritsa ntchito njira yopaka maselo mankhwala a siliva imene Camillo Golgi adatulukira mu 1873. Njirayi imadetsa maselo owerengeka okha, ena onse n'kuwasiya osaoneka, moti selo limodzi limaonekera lonse lathunthu ndi nthambi zake. Poyang'ana mu retina ndi mu ubongo wa mbalame ndi nyama zina, Cajal adaona kuti selo lililonse la mitsempha limaima palokha, limangoyandikana ndi linzake. Akuluakulu ambiri, kuphatikizapo Golgi yemwe, ankakhulupirira kuti mitsempha yonse ndi yolumikizana, yopanda malire pakati pa selo ndi selo. Cajal adalemba, adatumiza zolembazo kunja, zina adazimasulira m'Chifalansa, koma kudangoti zii.

Mwezi wa Okotobala chaka chimenecho adatapa ndalama zimene ankasunga, adalongedza maikulosikopu yake ndi timagalasi tomwe adamatapo tizidutswa ta retina, ubongo ndi msana, ulendo wa ku Berlin ku msonkhano wa akatswiri a kapangidwe ka thupi a ku Germany. Chijeremani sankachidziwa, Chifalansa chake chinali chothyokathyoka. Sadalimbane ndi zokamba pagulu. Adayala timagalasi take patebulo m'chipinda cha zionetsero n'kumadikira. Anthu ankangodutsa, ena akumwetulira mokayikira. Pamapeto pake adapita kwa Albert von Kölliker wa ku Würzburg, nkhalamba ya zaka 72 imene mawu ake ankamveka ku Ulaya konse, n'kumukokera pa maikulosikopu. Kölliker adasuzumira, adasuzumiranso, ndipo zidathera pomwepo. Adamutengera Cajal ku chakudya, adamudziwitsa kwa akatswiri ena, adabwereza yekha ntchitoyo kwawo n'kupeza zomwezo, ndipo pa ukalamba wakewo adayamba kuphunzira Chisipanishi kuti aziwerenga zolemba za mnyamatayo. Mu 1906 Cajal ndi Golgi adagawana mphoto ya Nobel, ngakhale kuti Golgi sadasinthe maganizo ake.

Masiku ano palibe amanyamula maikulosikopu pandege, zithunzi zimayenda pa kompyuta. Koma chimene munthu amapitira n'chomwecho: kuti wokayikira aime pafupi, aloze ndi chala, afunse, ayankhidwe pomwepo.

Nanga munthu amaloledwa bwanji kukaonetsa ntchito yake?

Amatumiza chidule miyezi ingapo msonkhano usanachitike. Ku ARVO khomo limatsekedwa chakumayambiriro kwa Disembala. Chidulecho ndi chachifupi kwambiri, sichidzaza tsamba, ndipo chimakhala ndi zigawo zinayi: cholinga, njira, zotsatira, ndi tanthauzo la zotsatirazo. Wotumiza amasankhanso gulu limene ntchito yake ikugwera, monga la cornea, la retina, la glaucoma, kapena la kapangidwe ka diso ndi matenda ake. Akatswiri a gululo amawerenga n'kugamula: uyu alankhule, uyu abwere ndi posita, uyu ayi.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi kulonjeza. Chidule chonena kuti zotsatira zidzafotokozedwa pa msonkhano sichipita patali, owerenga amafuna manambala alipo kale. Wolemba amayeneranso kuulula ngati pali kampani imene imamulipira kapena imene ali nayo masheya, ndipo akadzaimirira kulankhula amayamba ndi kuulula komweko.

Chabwino n'chiti, kulankhula pagulu kapena posita?

Ulemu uli pa kulankhula, ndipo palibe wophunzira amene sasangalala akalandira uthenga woti wasankhidwa. Koma nthawi yake ndi yochepa, pafupifupi mphindi 15 kuphatikizapo mafunso, ndipo wapampando amayang'ana wotchi mosanyengerera. Mafunso amakhala awiri kapena atatu, wina n'kukwera.

Ntchito zambiri zimaonetsedwa pa maposita, zipepala zikuluzikulu zopachikidwa pa matabwa m'holo yaikulu, mizere ndi mizere, iliyonse ndi nambala yake. Muholomo mumakhala ngati mumsika: aliyense waima pa benchi yake, maso ali kwa odutsa, ena pawo pali chikhamu, ena akungosinthasintha miyendo. Woyenda amaponya diso pa mutu wa posita masekondi owerengeka, ukapanda kumukoka wapita. N'chifukwa chake odziwa amalemba mutu wonena chimene apeza, osati chimene amafufuza, ndipo amakonzekera kufotokoza ntchito yonse m'mphindi ziwiri kwa wothamanga, kapena mphindi 20 kwa amene waika chikwama pansi.

Kwa wofufuza kapangidwe ka diso, posita ndiye yabwino, ngakhale ambiri sangavomere msanga. Chithunzi cha pa sikirini chimakhala masekondi 30 n'kuchoka, ndipo wokhala kumbuyo kwa chipinda saona timizere ting'onoting'ono. Pa posita munthu amasendera mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda pepala. Mwina ndi amene adalemba buku limene wophunzirayo adawerenga, wabisa baji yake m'jekete, ndipo akufunsa mwaulemu kuti, "Kodi apa mukuti ndi selo, si banga la utoto limeneli?" Funso lotere limapulumutsa munthu ku chaka chathunthu cholondola njira yolakwika.

Chithunzi chabwino cha zam'diso chimaoneka bwanji?

Tiyerekeze chithunzi cha retina yodulidwa chopingasa. Chimaoneka ngati mizere yosanjikizana, magawo khumi onse pamodzi. M'mizere itatu muli timadontho tothithikana, tomwe ndi mitima ya maselo, ndipo pakati pake pali mizere yotuwa pamene nthambi za maselo zimakumana. Katswiri akachiona, maso ake amathamangira pakona kufunafuna kamzere kakang'ono kolembedwa kutalika kwake, mwina ma micron 50. Popanda kamzere kameneka chithunzicho sichinena kanthu, chifukwa palibe angadziwe kukula kwenikweni kwa zimene akuona. Kulemba kuti chakulitsidwa ka 400 sikuthandiza, popeza chithunzi chomwecho chimakula mosiyana pa laputopu, pa posita ndi pa khoma. Kenako amafuna kudziwa kumene kuli kutsogolo kwa diso ndi kumene kuli kumbuyo, komanso dera la retina limene chidutswacho chidachokera. Pakatikati, pa kadzenje kotchedwa fovea, pali ma cone okhaokha, pamene mamilimita ochepa chabe kuchoka pamenepo ma rod ndiwo ochuluka. Kuyerekeza chidutswa cha pakati cha diso lodwala ndi chidutswa cha m'mbali cha diso labwino kumabala matenda amene kulibe.

Mitundu nayo ili ndi msampha wake. Ofufuza amapaka maselo mankhwala owala, ndipo kwa nthawi yaitali ankakonda kuonetsa china chofiira, china chobiriwira. Koma pakati pa amuna ochokera kumpoto kwa Ulaya, mmodzi mwa 12 aliwonse sasiyanitsa bwino mitundu iwiri imeneyi. N'zoseketsa ndithu kuti pa msonkhano wa akatswiri a maso, amene amaphunzitsa okha za vutoli, zithunzi zotere zimapezekabe. Osamala amasintha chofiiracho kukhala chapepo, kapena amaonetsa chilichonse pachokha, choyera pa chakuda.

Vuto lalikulu ndi kukongola. Retina yopakidwa bwino imakongola zedi, ndipo wofufuza amene wajambula zithunzi mazana amasankha chimodzi, chokongola koposa, n'kulemba pansi pake kuti chikuimira zonse. Nthawi zina chimaimiradi, nthawi zina ndi chokhacho chimene chidatuluka mmene iye ankafunira. Omvera ozindikira sakhutira ndi chithunzi chopanda kuwerenga pambali pake. Amafuna kudziwa kuti maselo adawerengedwa m'zidutswa zingati, ndiponso ngati wowerengayo ankadziwa kuti diso ili ndi lodwala, ili ndi labwino, popeza munthu akadziwa amaona zimene akuyembekezera. Kuwalitsa mbali imodzi ya chithunzi pa kompyuta, kapena kufufuta kabanga kosokoneza, ndi chinyengo, ngakhale wochitayo atati amangoyeretsa.

Mu 1991 a David Huang, a James Fujimoto ndi anzawo ku MIT adalengeza makina a OCT, ndipo lero magawo a retina amatha kuoneka mwa munthu wamoyo m'masekondi ochepa, popanda mpeni. Makinawa adadzetsa mkangano wawo: mzere wowala umene ukuoneka pa sikirini ukufanana ndi gawo liti la retina yeniyeni? Mizere ina idasinthidwa mayina patapita zaka, anthu atayerekeza zithunzi za OCT ndi za pa maikulosikopu.

Ndi mafunso ati amene amathetsa mankhalu wolankhula?

Loyamba ndi lalifupi: maso angati? Nambala zimene mabuku ambiri amanena mpaka lero, zoti munthu ali ndi ma rod pafupifupi 120 miliyoni ndi ma cone 6 miliyoni, zidachokera kwa Østerberg, amene mu 1935 adawerenga mu diso limodzi lokha. Mu 1990 a Christine Curcio ndi anzawo adawerenganso m'maretina asanu ndi atatu a anthu asanu ndi awiri, ndipo adapeza ma rod pafupifupi 92 miliyoni ndi ma cone 4.6 miliyoni. Adaonanso kuti pa fovea anthu amasiyana kwambiri, wina amakhala ndi ma cone othithikana kuposa mnzake kangapo. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Funsoli lili ndi mng'ono wake: wina akati maso 20, ndi a anthu 20 kapena a anthu 10? Maso awiri a munthu mmodzi amafanana, ndiye kuwawerenga ngati anthu awiri kumakuza umboni mwachinyengo.

Lachiwiri: padapita maola angati kuchokera pamene munthuyo adamwalira kufika pamene diso lidaikidwa m'mankhwala? Retina imawonongeka msanga, imatha kumatuka n'kukwinyika. Mankhwala osungira monga formalin, pamodzi ndi kuumitsa kumene kumatsatira, amafwaphitsa minofu. Mpata umene ukuoneka pakati pa magawo awiri ukhoza kukhala kuti udabadwira mu labotale.

Lachitatu limagwera ogwiritsa ntchito mbewa, amene ndi ochuluka. Mbewa imayenda usiku, pafupifupi 97 mwa maselo 100 aliwonse omva kuwala m'diso mwake ndi ma rod, ndipo ilibe fovea. Wina akanena kuti wapeza chinsinsi cha matenda owononga pakati pa retina ya okalamba kudzera mu mbewa, dzanja limakwera nthawi yomweyo.

Wolankhula wanzeru sakangana ndi mafunso amenewa. Amawayankhiratu asanafunsidwe, ndipo pamene sadayeze amanena kuti sadayeze.

Maso amene amadulidwawo amachokera kuti?

Ambiri amachokera kwa anthu amene adalola ali moyo, kapena amene abale awo adalola, kuti maso awo akathandize ena. M'mayiko ambiri muli nkhokwe za maso zimene zimapereka cornea kwa odwala ofunika kuikiridwa ina, ndipo zotsala zimapita kwa ofufuza. Ena amachotsedwa pa opareshoni chifukwa cha khansa kapena ngozi. Msonkhano sulandira ntchito yopanda chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku, motsatira mfundo za Declaration of Helsinki za mu 1964, ndipo ARVO ili ndi malamulo akeake a kasamalidwe ka nyama. Chithunzi cha nkhope ya wodwala sichionetsedwa popanda iye kuvomera. Ku Malawi chilolezo chotere chimachokera ku makomiti monga NHSRC.

Kodi Malawi ali ndi chake chokaonetsa pa nkhani ya zam'diso?

Ali nacho, ndipo dziko lonse lapansi lidaphunzira kuchokera ku Blantyre.

Pa chipatala cha Queen Elizabeth Central pali wodi ya kafukufuku ya ana odwala malungo aakulu, imene a Terrie Taylor ndi a Malcolm Molyneux adayambitsa cha m'ma 1980. Vuto limene madokotala ankakumana nalo linali ili. Mwana wabwera atakomoka, magazi ake apezeka ndi tizilombo ta malungo, ndiye aliyense akuti ndi malungo a mu ubongo. Koma m'dera limene udzudzu uli ponseponse, ana ambiri amayenda ndi tizilomboti m'magazi osadwala n'komwe. Mwana akhoza kukomoka ndi matenda ena, tizilombo tija tili tongokhalamo.

Dokotala wa maso, a Susan Lewallen, adayamba kusuzumira m'maso mwa ana amenewa, ndipo mu 1993 iwo ndi anzawo adalemba zimene adaona. Mwanayo amadonthezedwa mankhwala okulitsa mwana wa diso, dokotala amavala nyali pamutu, agwira galasi patsogolo pa diso, ndipo retina imaonekera. Retina yabwino ndi yofiirira, mitsempha yake ya magazi ikuyenda bwinobwino. Mwa ana ambiri odwalawa munali zigamba zoyera, makamaka mozungulira fovea. Munali timadontho ta magazi, tambiri tokhala ndi kachoyera pakati. Mitsempha ina idasintha mtundu, m'malo mofiira inali yachikasu chofiirira kapena yoyera, chinthu chimene sichioneka pa matenda ena. Mwa ena, pamene mtsempha waukulu wa diso umalowera panali potupa.

Chifukwa chake chili mu kapangidwe ka diso. Mwana akamaumbika m'mimba, retina imaphuka kuchokera ku ubongo, ndipo timitsempha take ta magazi timafanana ndi ta mu ubongo. Maselo ofiira a magazi amene alowedwa ndi tizilombo ta Plasmodium falciparum amamatirira m'makoma a timitsemphati n'kutsekereza magazi. Zimene zikuchitika mu ubongo, mosaoneka, zikuchitikanso mu retina, poonekera.

Koma kuona kokha sikudali umboni. Padafunika kupima matupi a ana omwalira, ntchito imene idayamba mu 1996, ndipo idatheka chifukwa makolo, ali pakati pa chisoni, adavomera. Zotsatira zidatuluka mu Nature Medicine mu 2004: mwa ana 31 amene madokotala adati amwalira ndi malungo a mu ubongo, asanu ndi awiri, kapena kuti 23 pa 100 aliwonse, adafa ndi matenda ena. Chizindikiro chokhacho chimene chikadawasiyanitsa ali moyo chinali cha m'diso. Kuchokera pamenepo ofufuza malungo a mu ubongo amagawa odwala awo pawiri, amene retina yawo ili ndi zizindikiro ndi amene ilibe. Akatswiri a maso a ku Liverpool, a Simon Harding ndi a Nicholas Beare, adapitiriza ntchitoyi ndi makamera ojambula mmene magazi akuyendera mu retina, ndipo a Valerie White a ku Vancouver adasanthula maso enieniwo pa maikulosikopu. Makina a MRI atafika pa chipatalachi mu 2008, a Karl Seydel ndi anzawo adasankha ana amene maso awo adatsimikiza matendawa, ndipo mu 2015 adalengeza kuti mwa ana 25 amene adamwalira, 21 ubongo wawo udali wotupa kwambiri.

Woonetsa ntchito yotereyi amakhala ndi omvera a mitundu iwiri. Kwa akatswiri a maso a ku America kapena ku Japan, amene ambiri sadaonepo wodwala malungo, amayamba ndi kufotokoza za kachilomboko ndi chifukwa chake mwana amakomoka. Kwa madokotala a ana ndi a matenda a m'mayiko otentha, malungo amawadziwa kuposa iye, koma amayenera kuwasonyeza pamene pali fovea ndi mmene retina yabwino imaonekera, apo ayi zigamba zoyera zija sazizindikira. Chithunzi n'chimodzi, koma nkhani zake ziwiri.

Kodi zimene zanenedwa pa msonkhano ndiye kuti zatsimikizika?

Ayi ndithu, ndipo atolankhani amagwa kawirikawiri pamenepa. Chidule chimawerengedwa mothamanga ndi anthu amene sadaone manambala onse. A Roberta Scherer ndi anzawo adasonkhanitsa kafukufuku wokhudza zidule zoposa 300,000 za m'misonkhano ya zaumoyo, ndipo mu 2018 adapeza kuti pafupifupi 37 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zidadzasindikizidwa mokwanira m'magazini a sayansi. Zina eni ake adasowa nthawi, zina zidagwa atawonjezera maso ena. Zopeza zosangalatsa zimasindikizidwa kuposa zonena kuti palibe kusiyana kulikonse.

Ngakhale kusindikizidwa sikuthetsa nkhani. Gawo la cornea la a Dua lija litatuluka m'magazini ya Ophthalmology, akatswiri ena adalemba makalata otsutsa. Ena ankati si gawo latsopano, ndi mbali yakumbuyo chabe ya gawo lalikulu lapakati, ndipo mpweya wopoperedwawo ndi umene udalilekanitsa. Ena sadakondwe kuti lidapatsidwa dzina la wolitulukira m'nkhani yake yomwe, pamene mwambo ndi woti ena ndiwo akutche. Mpaka pano ena amati gawo la Dua, ena amangolitchula potengera malo amene lili. Madokotala oika cornea, amene amapopera mpweya womwewo pa opareshoni, ambiri amavomereza kuti kulidziwa kumawathandiza kumvetsa mmene cornea ikung'ambikira m'manja mwawo, kaya likhale gawo palokha kapena ayi.

Wofufuza wachinyamata wa kuno angafikeko bwanji?

Chopinga chachikulu ndi ndalama: tikiti ya ndege, malo ogona, umembala, kulembetsa, zonse mu madola. Mabungwe ena amathandiza. ARVO ili ndi thandizo la ulendo la ofufuza ochokera m'mayiko osauka, ndipo wopempha amafunika kuyamba msanga, pamodzi ndi chidule chake. Chopinga china ndi viza. Pa msonkhano wa Edzi wa ku Montreal mu 2022, nthumwi zambiri za ku Africa zidalephera kufika chifukwa ziphaso zidachedwa kapena kukanidwa, ndipo vutoli silisankha nthambi ya sayansi. Ambiri amayambira pafupi, pa msonkhano wapachaka wa kafukufuku wa Kamuzu University of Health Sciences kapena wa COECSA, kumene mafunso ndi akuthwa chimodzimodzi koma ulendo wake ndi wofikirika.

Palinso misonkhano yabodza. Imelo imafika yodzaza ndi matamando, ikuitana munthu amene sadasindikizepo kanthu kuti akakhale mlendo wolemekezeka ku Dubai kapena ku Paris, chidule chake chalandiridwa tsiku lomwelo, chatsala n'kulipira. Akafika amapeza kachipinda ka mu hotela, anthu owerengeka, wina akukamba za mano, wina za nthaka. Mu 2019 khoti la ku America lidalamula kampani ya OMICS ya ku Hyderabad kulipira madola oposa 50 miliyoni chifukwa chonyenga ofufuza ndi magazini ndi misonkhano yake, kuphatikizapo kulengeza mayina a akatswiri amene sadavomere n'komwe kukalankhula. Asanatumize ndalama, wofufuza afunse akuluakulu a m'dipatimenti yake ngati adaumvapo msonkhanowo, aone bungwe limene likuukonza, ndipo afufuze ngati zidule za chaka chatha zikupezeka poyera. Za ARVO zimasindikizidwa m'magazini yake ya Investigative Ophthalmology & Visual Science, ndipo aliyense angathe kuziwerenga pa intaneti kwaulere.